Nyale Zitatu za Malemu Matthias

"Kuchokera ku Kasisi mpaka ku Bundabunda, munthu woyamba kuyatsa magetsi m'dimba azakhala ine, Zebron Daka! Ngakhale pa boma pa Chongwe kulibe amene anachitapo. Uzaona, amake Mervin. Anthu azabwera pano na njinga kuzaonerera."

"Magetsi ake a ndani?"

Rosaria anafunsa osatukula mutu. Anali pamphasa pakhonde, akusenda mtedza. Pabwalo panali katoni yaikulu imene mwamuna wake anali atangoitsegula. Munali panelo ya sola, galasi lakuda lamizeremizere lalikulu ngati chitseko cha kabati. Munalinso batire, kabokosi kolumikizira mawaya, mpukutu wa waya ndi nyale zitatu zazitali, zonse zikali m'mapulasitiki ake.

"Ni a banja la Daka. Ndipo mkulu wa banja la Daka ni ine."

"Ni a Dailes. Matimati amene anagula zinthu izi anathirira ni iye."

"Anagula ni Matthias, mng'ono wanga, mimba imodzi. Dailes anabwera pa banja pathu na chikwama chimodzi chabe. Manje mwamuna wake wamwalira, iwe ufuna katundu wa mazungu uyu akhale pansi pa bedi adyewe na makoswe? Mkazi angadziwe chani za sola? Kuli waya wofiira, kuli waya wakuda. Ukasokoneza, phuu! Zonse zapsa."

"Munanyamula katoni maluwa a pamanda asanafote, atate ake Mervin."

"Ninasunga! Kusunga na kulanda ni zosiyana. Langford anatenga njinga, wailesi na mabulangete, uja sumukamba. Ine nasunga katoni imodzi chabe, nakhala kawalala. Iwe, ine nayenda. Ninayamba na kupukuta magalasi a malole a anthu ku Kafue, opanda na nsapato. Lero funsa ku Beira, funsa ku Durban, funsa ku Dar es Salaam, azakuuza Daka ni ndani. Ku Bulawayo ninalowa pa nyumba ina, nyale zili mu maluwa, anthu kumwa tiyi panja monga ni masana. Ninakamba na mtima wanga kuti Zebron, usanafe..."

Chifuwa chinamudula mawu. Anawerama, manja pa mawondo, natsokomola mpaka galu anadzuka n'kukagona kwina. Rosaria anayang'ana lamba wa mwamuna wake. Panali mabowo atsopano obooledwa ndi msomali. Chiyambire Pasaka, Zebron sanakwerenso lole. Aliyense womufunsa ankamuuza kuti ali pa tchuthi chachitali chimene abwana amapereka kwa madalaivala akuluakulu okha.

Rosaria anapitiriza kusenda mtedza. Chiikireni Matthias m'manda, mumtima mwake munali dzanzi ngati la mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Ankayankhula zoyenera kuyankhula, koma mawuwo ankatuluka okha, osamuwawa, osamutenthetsa.

Loweruka lotsatira Langford, chitsirizira wa banja la Daka, anafika pa njinga ya malemu, belu likulira kuyambira kumsewu.

"Odi kuno kwa a Zesko atsopano, eni magetsi! Akulu, namva mwagula dzuwa."

"Sininagule, nalilemba ntchito. Bwera ugwire khasu, uphunzire zinthu."

Dimba la Zebron linali kuseri kwa nyumba: mabedi angapo a repu ndi anyezi, mapapaya awiri, ndi maluwa ofiira amene anabwera nawo kuchokera ku Mutare m'chitini cha mafuta. Zebron anakhala pa mpando wamatabwa pakati pa mabediwo n'kumalamula. Langford anakumba maenje anayi. Mizati inali ya bulugamu, yopakidwa oyilo wakale wa injini kumunsi kuti chiswe chisailawe. Itatu inali ya nyale, wachinayi, wautali kuposa yonse, unali wa panelo.

"Panelo iyang'ane kumpoto," anatero Zebron. "Osati kum'mawa monga tchalitchi. Kumpoto, yopendekeka pang'ono, kuti mvula izitsuka fumbi. Batire mu bokosi la chitsulo pansi pake. Dzuwa lilowa mu galasi, lipita mu kabokosi, ligona mu batire. Madzulo liuka. Wamvera? Izi ku sukulu saphunzitsa. Manje tenga simenti ija pakhonde tithire mu maenje."

Langford anapukuta thukuta ndi chipewa.

"Simenti ya chani, akulu? Dothi ili ni lolimba. Tisindire chabe na miyala."

"Mphepo ya mu Ogasiti uidziwa iwe?"

"Nidziwa. Koma zinthu izi sizifunika kumangirira kwambiri. Tsiku lina muzafuna kusuntha. Mwina papaya akula, abisa dzuwa. Simenti sungani, muzakonzera khonde."

Zebron anaganiza pang'ono, kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"Amake Mervin! Bwera uone, mfana uyu wayamba kukhala na nzeru za Daka!"

Rosaria anabwera ndi jagi ya munkoyo ndi makapu awiri. Anaima pambali, akuonerera Langford akumanga panelo pa mzati. Mlamu wakeyo, amene kale sankatha ngakhale kumata chubu cha njinga, lero anali ndi mafunso ngati mwana wa mkalasi. Mabawuti awa ni a sipanala iti? Pomasula uyamba waya uti, wofiira kapena wakuda? Galasi ili lingayende pa njinga osasweka? Funso lililonse linkamukoma Zebron ngati uchi. Anayankha onse, n'kuwonjezera ndi nkhani ya mmene anakonzera magetsi a lole pakati pa nkhalango ku Tunduma ndi waya wa pa mpanda.

Langford atalandira kapu yake anamwetulira.

"Zikomo, mulamu. Makina anu osokera aja akali kusoka bwino?"

"Akali."

"Ni olimba aja. Masiku ano sapezeka."

Anamwa munkoyo, maso ake akuyenda pa denga la malata, pa mawindo, pa khola la nkhuku. Rosaria anawadziwa maso amenewo. Anawaonapo pa maliro, anthu ena akuimba nyimbo. Anatola jagi n'kubwerera kukhitchini.

Dzuwa litangolowa, anthu anadzaza kuseri kwa nyumba. Zebron anavala jekete lake lachikopa la ku Durban, limene tsopano linkamulendewera m'mapewa ngati lili pa msomali. Anayankhula za maiko asanu ndi limodzi, kenaka anadina switchi. Nyale zinaphethira kawiri, n'kuyaka. Repu anaoneka wobiriwira ngati wapakidwa utoto. Amayi anaululutira. Mdala wina anavula chipewa n'kufunsa ngati kuwala kumeneku sikungaletse anyezi kugona.

Aliyense pamenepo ankadziwa kumene katoni ija inachokera. Palibe anatchulapo.

Rosaria anamuona Dailes ataima kunja kwa mpanda wa udzu, duku lakuda kumutu, ndowa yopanda kanthu m'manja. Anazungulira n'kukaima naye.

"Amake Peace, lowani."

"Iyayi, naona kale. Ziwala bwino. Sininazionepo zili zoyaka." Dailes ankayankhula ngati akunena za mtengo wa mchere. "Matthias anali kukamba kuti tikamanga, akawalala azaleka kutibera matimati. Dzulo abweranso. Athyola na osapsa omwe."

"Pepani."

"Mupepesa chani? Simunanyamule ndimwe."

Onse awiri anayang'ana agulugufe ausiku akuzungulira nyale. Mkati mwa mpanda Zebron anali atayamba nkhani ya ku Beira.

"Mudziwa," anatero Dailes, "Matthias akali moyo, a Zebron anabwera kuzamuona na Fanta. Anakhala pa bedi. Chidendene chawo chinali kugogoda katoni pansi pa bedi, go, go, go, kumvera ngati ikalimo. Matthias anamva. Sanakambe kanthu, anangotembenukira kukhoma."

Dailes anasuzumira mkati mwa mpanda.

"A Zebron aonda, amake Mervin."

"Ni chifuwa chabe."

"Na Matthias chinali chifuwa chabe. Makina anu aja, muwapezere kokhala."

Dailes ananyamula ndowa yake n'kutsetserekera kumtsinje kumene kunali dimba lake. Dimbalo ndi limene azilamu ake anamusiyira, poti dothi silikwera pa njinga.

Masiku otsatira nyale zinkayaka madzulo alionse, koma anthu obwera kudzaona ankachepa. Zebron anagwidwa ndi malungo amene sanamve mankhwala. Anakana kugona m'nyumba. Ankati munthu amene wagona m'malole zaka zonsezi sangafere m'chipinda ngati mphemvu. Rosaria ankamuyalira mphasa pansi pa papaya, pafupi ndi mzati wa panelo, ndipo ankakhala pamenepo usana wonse, chipewa kumaso. Rosaria ankamuphikira phala, n'kulichotsa litazizira. Ankachapa, ankathirira repu, ankasoka mayunifolomu a ana a anthu. Sankalira ndipo sankapemphera kuposa kale.

Tsiku lina masana Langford anabwera. Anali ndi Fanta m'thumba la jekete.

"Odi! Wodwala ali bwanji, mulamu?"

"Agona. Ali kudimba."

"Musawautse, nizangowaona."

Rosaria anali pa makina pafupi ndi windo loyang'ana kudimba. Anamuona Langford akuimika botolo pafupi ndi mutu wa mkulu wake. Anamuona akuwerama, kuyang'ana chifuwa chikukwera ndi kutsika. Kenaka Langford anapita pa mzati wa panelo, naugwedeza. Mzati unavomera. Anatsegula bokosi la batire, m'mene Zebron ankasungamo sipanala ya namba 13. Anaiika pa nati imodzi, napotoza pang'ono, nabwezera. Anayang'ana uku ndi uku, n'kulowetsa sipanalayo m'thumba la thalauza.

Chipewa cha Zebron chinali chitatsetsereka. Diso limodzi linali lotsegula. Rosaria analiona, Langford sanalione.

Belu la njinga litazimiririka kumsewu, Zebron anaitana.

"Amake Mervin."

Rosaria anabwera n'kukhala m'mphepete mwa mphasa.

"Sipanala yanga ya 13 ili kuti?"

"Mudziwa kumene ili."

"Mwina afuna kumangira njinga."

"Mwina."

"Njinga ija manati ake ni a 15." Zebron anayesa kudzuka, nalephera, natsamira chigongono. "Mfana uja ninamulipirira sukulu ine. Nsapato yake yoyamba inachokera ku Francistown, mu lole yanga. Nikali moyo, Rosaria! Nikali kupuma! Aona monga nafa kale?"

"Na Matthias anali akali kupuma."

"Ukamba chani?"

"Fanta. Chidendene pa katoni. Anamva, atate ake Mervin. Dailes akuti anamva."

Zebron anayang'ana botolo limene linali pafupi ndi mutu wake. Analiyang'ana nthawi yaitali. Rosaria anadikira mkuntho, zija za Beira ndi Durban, zija za mkazi angadziwe chani. Sizinabwere.

"Anafunsa za makina ako tsiku lija," anatero Zebron mwapansipansi.

"Anafunsa."

"Na malata?"

"Anawerenga na maso."

"Ndipo iwe uli chete chabe?"

"Nikambe kwa ndani? Mwambo munautsegula ndimwe. Langford angotsatira mapazi a akulu ake."

Zebron anagona chagada n'kubwezera chipewa kumaso. Rosaria anatenga Fanta ija n'kukaithira pa maluwa a ku Mutare.

Lamlungu m'mawa Rosaria anadzidzimuka kumva ng'ombe pabwalo. Zebron anali atatuma uthenga kwa a Nchimunya, oyandikana nawo, kuti abwereke ngolo. Anali atavala jekete lachikopa, atameta ndevu, ataima chogwirira chitseko.

"Masulani zonse," anauza a Nchimunya. "Yambani na waya wakuda. Sipanala nilibe, gwiritsani pulayala. Mizati ingozuka, ilibe simenti. Amake Mervin, thumba la simenti lija likwere. Na nyundo yanga yaikulu."

"Tipita kuti?"

"Ku ntchito yeniyeni. Apa panali poyesera chabe. Injiniya aliyense amayamba wayesa. Unaganiza nyale zitatu za mphamvu chonchi ni za mabedi anayi a repu?"

Rosaria sanatsutse. Amuna ali kudimba, analowa m'nyumba, namasula mutu wa makina osokera pa thebulo lake, naukulunga m'bulangete. Anauika m'ngolo, pansi pa masaka, pambali pa batire.

Zebron anasankha nthawi yake bwino. Ngolo inadutsa pa tchalitchi anthu akutuluka. Iye anakhala pamwamba pa thumba la simenti ngati mfumu ya kwina, panelo ataigwira pa mawondo, akuitana aliyense ndi dzina.

"Tiyeni kumtsinje! Muzaona chimene simunaonepo! Langford! Iwe Langford, siya kucheza na atsikana a kwaya, tiye ukagwire fosholo!"

Dailes anali m'dimba akumangirira matimati ku timitengo. Ataona ngolo ndi khamu la anthu m'mbuyo mwake, anaimirira, luzi lili m'manja. Sanathamange, sanafunse.

"Mulamu," anatero Zebron akutsika mothandizidwa, "nayesa katundu wanu. Ali bwino, wapasa mayeso onse. Matthias anali kufuna mizati pati?"

Dailes analoza: pachipata, pachitsime, ndi pakona ya kumtsinje pamene akuba ankalowera.

Langford anamukokera mkulu wake pambali, koma mawu ake anamveka.

"Akulu, mwadwala mutu? Katundu wa banja mupatsa mkazi wa eni? Mawa akwatiwa uyu, zonse zipita kwa mwamuna wina."

"Akakwatiwa, mwamuna uyo azadya matimati owala. Sakaniza simenti. Mafosholo atatu a mchenga, imodzi ya simenti."

"Simenti? Nanga tsiku lina mukafuna kusuntha?"

"Nifuna kuona amene azasuntha." Zebron anatambasula dzanja, chikhatho m'mwamba. "Nipase sipanala yanga."

"Sipanala iti?"

"Ya 13. Unaisunga bwino, nakuyamika. Ili mu thumba la kumanja. Na ku tchalitchi unapita nayo, kuti nayo ipemphere."

Anthu anaseka. Langford anayang'ana pansi, napisa m'thumba, naitulutsa.

Ntchito inatenga masana onse. Zebron anakhala pa ndowa yovundikira, akutsokomola ndi kulamula. Mizati inalowa m'maenje, simenti inathiridwa mpaka pakamwa, ndipo anaichirikiza ndi mitengo kuti iume ili chilili. Waya anaukwirira pansi m'paipi yakale yothiririra. Panelo isanakwezedwe, Zebron anati amubweretsere mzati wake pamene anakhala. Anamanga manati anayi yekha. Kenaka anatenga nyundo.

"Manje onani. Izi ninaphunzira pa boda ya Nakonde, kumene ukagona pang'ono upeza tayala ya sipeya yapita. Ukamanga nati, umenya mutu wa bawuti mpaka uphwanyike. Nati siizatulukanso. Ubwere na sipanala ya 13, ya 15, ya mtundu uliwonse. Ukafuna kuchotsa, uswa galasi, ndipo galasi losweka ni chitseko cha khola la nkhuku chabe."

Anamenya bawuti yoyamba. Pa yachiwiri nyundo inamulemera. Rosaria anaona thukuta likutsika m'khosi mwake, mitsempha itatuluka. Anagwada pambali pake, namugwirira mzati kuti usagwedezeke. Zebron anamaliza yachitatu. Yachinayi anapereka nyundo kwa Langford.

"Menya."

Langford anamenya.

"Limbikira, unadya!"

Langford anamenya mpaka chitsulo chinaphwatalala.

Zebron anapuma, kenaka anakweza mawu kuti amve ndi amene anali kutsidya kwa mtsinje.

"Anthu a Mulungu, mwaona na maso. Ku banja la Daka sitilanda mkazi wamasiye. Kaya ni nyale, kaya ni malata, kaya ni makina osokera. Nakamba ine Zebron, nikali moyo. Langford, wamvera?"

"Namvera, akulu."

Ananena akuyang'ana chala chake chakuphazi. Posakhalitsa anati ali ndi msonkhano wa kwaya, nakwera njinga ya Matthias n'kumapita. Belu sanaliize.

Rosaria anamuyang'ana mpaka anakhota. Mawu a mwamuna wake anawamva, anthu anawamvanso, koma pa maliro a Matthias panalinso anthu, ndipo anali omwewa. Anapita kungolo, natulutsa mtolo wa bulangete pansi pa masaka, nalowa nawo m'nyumba ya Dailes, imene inali pafupi ndi dimbalo. Pansi pa bedi panali malo, pamene kale pankakhala katoni. Anaukankhira pamenepo. Potuluka anakumana maso ndi Zebron. Mwamunayo anayang'ana manja a mkazi wake opanda kanthu, nayang'ana chitseko, kenaka anatembenukira kwa a Nchimunya n'kuyamba kuwafotokozera za misewu ya ku Mozambique.

Dzuwa litapendeka kuseri kwa mitengo, Zebron anaitana Dailes.

"Mulamu, dinani apa. Na chala chimodzi chabe, siluma."

Nyale zinaphethira, n'kuyaka. Dimba lonse linaonekera, mizere ya matimati mpaka kumtsinje, chitsime, mpanda, ngakhale kanjira ka akuba. Ili silinali dimba la mabedi anayi. Anthu anaomba m'manja, ndipo mdala uja wa anyezi anati zoterezi ngakhale ku Kasisi kwa ansembe sanazionepo.

"Ninakamba kapena sininakambe?" Zebron anafunsa mkazi wake. Mawu anali atamuthera, anangotsala ndi mpweya. "Munthu woyamba. Kuchokera ku Kasisi mpaka ku Bundabunda."

"Munakamba," anatero Rosaria. Anamukonzera kolala ya jekete, ndipo dzanja lake linakhala pamenepo kanthawi.

Dailes sanaombe m'manja. Anayenda m'dimba mwake pang'onopang'ono, akugwira mzati uliwonse. Anatsegula bokosi lachitsulo, nasuzumira, natseka. Kenaka anabwerera pamene panakhala mlamu wake.

"Panelo imodzi. Batire imodzi. Kabokosi. Nyale zitatu."

"Na simenti, mulamu. Thumba lathunthu. Ija ni yanga, nawonjezera."

"Simenti sininakubwerekeni," anatero Dailes. "Koma zanga zakwana."